KUJAMBULA ZITHUNZITHUNZI NDI LAMYA YA M'MANJA

Basi yocokera ku Lusaka ikaima pa Nyimba, mudzaona alendo ena ali kugula nthoci, ndipo ena ali kukweza lamya zao kuti ajambule msika. Anthu ambiri kuno amati "kukopa". Nchito imeneyi ioneka yapafupi lero, koma kale inali yobvuta ndithu.

Pafupi ndi caka ca 1826, munthu wina wa ku France, dzina lace Niépce, anajambula madenga a nyumba ali pa zenera. Anadikira maora 8 kapena kuposapo kuti cithunzico cioneke. M'caka ca 1858 Dr. John Kirk anafika pa Zambezi pamodzi ndi Dr. Livingstone, atanyamula bokosi lojambulira, mapepala ndi mabotolo a mankhwala. Lamya zokhala ndi kamera zinayamba kugulitsidwa ku Japan m'caka ca 1999, ndipo tsopano katundu yense uja wa Dr. Kirk alowa m'thumba la malaya.

Koma cinthu cimodzi sicinasinthe: cimene cijambula ndico kuwala. Yang'anani kumbuyo kwa lamya, mudzaona kagalasi kakang'ono konga diso la nkhuku. Kuwala kulowa pamenepo ndi kugwera pa kacitsulo kokhala ndi timadontho tosawerengeka, ndipo kadontho kali konse kayesa kuwala kumene kalandira. Cifukwa cace imani kuti dzuwa likhale kumbuyo kwanu, liwalire amene muli kumjambula. Mukaloza lamya ku dzuwa, mnzanu adzaturuka bii ngati citsa copserera. Dzuwa la paliwombo nalonso silikoma, pakuti liika mithunzi m'maso mwa munthu. Jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Pukutani kagalasi kaja ndi kansaru kofewa, makamaka m'nyengo ya pfumbi. Gwirani lamya ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti, ndipo musapume pamene muli kudina, monga acita mlenje poponya mubvi. Cinthu cikakhala patali, sendererani ndi miyendo yanu. Kucikoka ndi zala pa galasi kungocititsa cithunzi cimbuuzi.

Mwina mudzati, nanga kusamala konseku nkwanji? Kumapeto a caka ca 2016 m'dziko la Zambia munagwa mbozi zacilendo zodya cimanga, zimene tizicha nchemberezandonda. Mbozi imeneyi ili ndi cizindikiro pamutu conga lembo Y lozondoka, ndi timadontho tinai takuda ca kumcira. Mlimi wa kumudzi wakutali ndi boma la Petauke angathe kuijambula ndi kutumiza kwa mlangizi wa zaulimi tsiku lomwelo. Cithunzi cikakhala cabwino, mlangizi aona zizindikirozo nadziwa mdani wace. Cikakhala cimbuuzi, aona kanthu kobiriwira cabe, ndipo mbozi zipitirira kudya. Muike kamtengo ka macisa pambali pa mboziyo, kuti woona adziwe kukula kwace. Mwana wa sukulu wodziwa izi angathandize munda wa makolo ace.

Tsono pali za ulemu. Nkhope ya munthu ndi yace. Musanajambule wamkulu, gwadani ndi kupempha kuti, "Ambuya, kodi mundilola ndikujambuleni?" Akakana, bwezani lamya m'thumba. Pa mwambo wa Tuwimba, umene Ansenga acita kwa Mfumu Yaikuru Kalindawalo, yambani mwafunsa akuluakulu malo amene alola kujambula. Pa mlato wa Luangwa ndi pa malo ena olondedwa ndi Boma, funsani alonda.

Coipa koposa ndi ici. Galimoto ikagwa pa mseu waukuru, anthu ena athamangira kujambula obvulala ndi akufa, natumiza pa WhatsApp. Cithunzi cotere cifika ku Lusaka ndi ku Chipata mthenga wa maliro asananyamuke, ndipo mai amva za imfa ya mwana wace poona mtembo pa lamya ya mnansi. Wotumizayo angafafanize cace, koma zimene zafika m'lamya za ena sangathe kuziitanitsa.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwa wojambula?
2. Chulani zizindikiro ziwiri za nchemberezandonda.
3. Pemphani aphunzitsi ajambule mtengo umodzi m'mawa, masana ndi madzulo. Lembani kusiyana kumene mwaona.