PHUNZIRO LA M'BANJA: MASIKU AWIRI OPANDA ANA

Amayi anzathu, ndi liti pamene inu ndi bambo a kunyumba munayenda ulendo awiriwiri, wosakhala wa kumaliro, wa kuchipatala kapena wokasiya mwana kusukulu? Ambiri a ife tiyankha ndi kuseka. Ena ngakhale tsiku lotsatira ukwati wathu tinali kale kutsuka miphika ndi kubweza mipando yobwereka.

Ana ndi mphatso, palibe akutsutsa. Koma taonani mmene amasinthira ngakhale mayina athu. Woyamba akangobadwa, mkazi amasanduka "amake Chisomo", mwamuna "bambo ake a Chisomo". Nkhani za usiku zimakhala za fizi, feteleza ndi nsapato zothina. Pakapita zaka, ana atabalalika, m'nyumba mumatsala anthu awiri odya mbale imodzi koma osowa chokambirana. Ife amene timaitanidwa kukayanjanitsa mabanja taona kuti ambiri sayamba ndi ndewu. Amayamba ndi kuzizira kumeneku.

Pa Deuteronomo 24:5, lamulo linkamasula mwamuna wongokwatira kumene ku nkhondo ndi ku ntchito zina kwa chaka chathunthu, cholinga chake chikhale mkazi wake. Pa Marko 6, Ambuye ataona kuti ophunzira akusowa ngakhale mpata wodya, anawatengera kwa okha kuti akapume. Ife sitikupempha chaka. Tikunena za masiku awiri: kunyamuka Lachinayi, kubwera Loweruka, Lamulungu tili m'tchalitchi.

Wina anena kuti zimenezi ndi za azungu ndi anthu a ndalama. Zikanakhala za hotela tikanavomera. Koma titenge chitsanzo cha phiri la Zomba, lomwe ambiri timangoliona pa windo la minibasi. Pamwamba pake pali malo olola anthu kumanga tenti pa mtengo wotsika kuposa chipinda chogona alendo. Tenti mutha kubwereka. Ufa, usipa, tomato, masamba a tiyi, kampoto ndi tochi zichokere kunyumba. Osaiwala mabulangete, chifukwa phirili limapitirira mamita 2,000 kutalika, ndipo mu June ndi July usiku wake umalasa m'mafupa. Miyezi ya mvula isiyeni, njira zimaterera.

Pano tichenjezane. Ngati mayi akapita kukatunga madzi, kukoleza moto, kuphika ndi kutsuka, bambo atakhala pa mwala kumvera mpira pa wailesi, ndiye kuti tangosamutsira khitchini kuphiri. Gwirizanani musananyamuke. Abambo ambiri ankaphika bwinobwino ali mbeta, sanaiwale, anangopuma.

Zoona n'zambiri, ndipo zambiri n'zoyenda pansi. Pali damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi a mumzinda wa Zomba, ndi mathithi a Williams Falls. Pali Queen's View, dzina lokumbukira ulendo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia yomwe inabwera mu 1965. Mukaima pamenepo mumaona mzinda wonse, womwe unali likulu la dziko mpaka 1975, nyanja ya Chilwa, ndipo kukayera bwino phiri la Mulanje. Patali pang'ono pali dzenje la Chingwe, lomwe akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu. Kumeneko pitani ndi wolondolera njira wodziwika, popeza nkhungu imatsika mosapempha. Mudzaonanso ndi chisoni mmene mitengo yathera m'malo ena.

Chovuta kwenikweni si chitunda. Ndi madzulo oyamba, moto utayaka, nsima itadyedwa, palibe mwana wolira kapena wofuna madzi. Ambiri amadzidzimuka kuti alibe chonena, ndipo dzanja limathamangira ku foni. Musaope bata limenelo. Funsanani zinthu zomwe munasiya kufunsana: chikukudetsani nkhawa n'chiyani masiku ano, thupi mukulimva bwanji, mumafuna mutachita chiyani musanakalambe? Ndipo mayi, musatenge mpata umenewu kutsegula buku la milandu yonse kuyambira ya apongozi. Ngati pali nkhani yaikulu imodzi, ikambeni mawa lake, mutagona ndi kuseka kaye. Za kuchipinda sitilemba pano, koma tonse tikudziwa zomwe nyumba ya zipinda ziwiri yodzaza ana ndi alendo imalanda banja.

Tsono nkhani ya ana, yomwe ili yolemera kuposa zonse. Ulendo umene usiya mwana pangozi ndi wosayenera kuyenda. Woyamwa sasiyidwa, dikirani aleke. Mtsikana wa zaka 12 si mayi, musamusenzetse azing'ono ake usiku uwiri. Ndipo tinene mosabisa: ana ambiri ochitidwa nkhanza zogonana amachitidwa ndi munthu amene akumudziwa, nthawi zina wachibale wa m'nyumba momwemo. Kungoti "ndi amalume ake" sikokwanira. Asiyeni ndi mayi wamkulu amene mukudziwa khomo lake, amene amalowa ndi kutuluka pamenepo, ndi kumene ana adzagone. Siyani chakudya, neti ya udzudzu, buku la kuchipatala, mankhwala ngati alipo akumwa, ndi kandalama ka mayendedwe ngati wina atentha thupi usiku. Auzeni ana zoona, kumene mukupita ndi tsiku lobwera, osati kuzemba m'bandakucha. Foni ikhale yotsegula chifukwa cha iwo okha. Mukabwera, khalani nawo pansi mumve mmene anakhalira, ndipo mumvetsere bwino yemwe wangoti zii.

Apa ndi pamene gulu lathu lingathandize. Timasonkherana kale pa maliro, pa ukwati ndi pa matenda. N'chiyani chingatilepheretse kusungirana ana, mwezi uno kwa mayi uyu, mwezi wamawa kwa winayo? Amene Zomba ili kutali asadandaule; kufupi ndi kwanu kuli gombe la nyanja, phiri kapena mtsinje umene alendo amalipira ndalama zambiri kudzauona.

Pa msonkhano wa sabata ino tikambirane: pakati pathu, ndi amayi ati amene tonse tingawasiyire ana usiku uwiri mtima uli m'malo, ndipo banja loyamba kupita likhale la ndani?