Chibaba cha Mowa Chikabwera

Kunena kuti "ndasiya mowa" n'kosavuta m'mawa, mutu ukuwawa ndi matsire. Vuto limabwera madzulo, makamaka pa tsiku la malipiro. Pakhosi pamauma, miyendo imafuna kukhotera ku shabini. Chimenechi ndicho chibaba.

M'chaka cha 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti. Koma lamulo silichotsa chibaba. Nanga tingachigonjetse bwanji?

Ena amati, "Ine ndine mwamuna, ndingolimba mtima basi." Kulimba mtima n'kwabwino, koma pakokha sikukhalitsa. Taganizani za bambo amene amaweruka ku tauni n'kumayenda pansi kupita ku Kawale kapena ku Chinsapo. Ngati njira yake imadutsa pogulitsira kachasu, tsiku lina anzake adzati, "Achimwene, kamodzi kokha!" Ndipo adzakhala pansi.

Ena amasintha njira yobwerera kunyumba. Malipiro amakayamba kusiya kwa akazi awo. Chibaba chikabwera amadya nsima, amamwa tiyi, kapena amapita kukathirira ndiwo zamasamba. Anthu awa amadziwa chinthu chimodzi: chibaba sichikhala tsiku lonse. Chimakwera, kenaka chimatsika chokha. Mukachidikira pang'ono chimapita, ngakhale chidzabwerenso mawa.

Enanso amatsamira pa anzawo, ku mpingo, ku mzikiti kapena m'gulu. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba ku America mu 1935. Anthu ake salonjeza za moyo wonse ayi. Amangoti sindimwa lero, ndipo chibaba chikakula amauza mnzawo amene anasiya kale.

Koma tamverani bwino apa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha. Akhoza kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu. Si ufiti umenewu, ndi thupi limene linazolowera mowa, ndipo munthu akhoza kufa nazo. Wotereyu ayambe wapita kuchipatala, monga cha Kawale kapena cha Area 25. Ku Bwaila ndi ku St John of God ku Area 43 kuli anthu ophunzira za matendawa.

Mafunso
1. Kodi chibaba chimavuta kwambiri nthawi yanji?
2. Ndani sayenera kusiya mowa ali yekha? Chifukwa chiyani?
3. Lembani zinthu ziwiri zimene munthu angachite podikira kuti chibaba chitsike.