Buku la nyumba ya mizukwa: kulizindikira, kuligula ndi kulisunga

Ife amene tinakulira ku Lirangwe nkhani za mizukwa sitinaziphunzire m'buku. Tinkazimva madzulo pakhonde, agogo akutonola chimanga, za nyumba yomwe miyala imagwa padenga usiku koma woponya osaoneka. N'chifukwa chake nditawerenga The Haunting of Hill House, buku la mayi wa ku America, Shirley Jackson, lomwe linatuluka mu 1959, ndinamva ngati ndili kwathu. Eleanor Vance, mmodzi mwa anthu anayi amene akukagona m'nyumba yoopsayo, nayenso ali mwana miyala inagwa panyumba yawo masiku atatu. Bukuli anthu amalisaka m'maiko ambiri, ndipo makope ena ake ndi chuma. Mabuku akale amafika kuno ngati kaunjika, m'makatoni, n'kumagulitsidwa pansi m'misewu ya ku Limbe ndi mu Blantyre, choncho n'kwabwino kudziwa chimene mwagwira m'manja.

Choyamba, musathamangire chikuto. Tsegulani tsamba la mutu wa buku, kenaka muone kuseri kwake, pomwe amalemba dzina la osindikiza ndi chaka. Kope loyambirira linasindikizidwa ndi Viking Press ku New York mu 1959. Koma samalani, chifukwa chaka chimenechi chimalembedwanso m'makope a pambuyo pake. Werengani mizere yonse ya patsambalo: ngati patchulidwa kusindikiza kwachiwiri, kwachitatu, kapena chaka china chotsatira, ndiye kuti si loyamba. Njira yachidule ndi iyi: manambala a ISBN anayamba kugwira ntchito cha m'ma 1970, ndiye buku lomwe lili ndi nambala imeneyi, kapena timizere takuda tija ta pamalonda, silingakhale la 1959 ngakhale wogulitsa alumbire chotani.

Kenaka yang'anani jekete, pepala lokongola lija lomwe limavala pamwamba pa chikuto cholimba. Ambiri a ife timalitaya kapena kukutirira nalo kope la mwana wa sukulu, chonsecho kwa osonkhanitsa mabuku pepala limeneli nthawi zambiri ndi lomwe limanyamula gawo lalikulu la mtengo. Pindulani mbali yake yopindikira mkati. Makope a m'sitolo ankakhala ndi mtengo wosindikizidwa pakona, pomwe makope otsika mtengo a makalabu a owerenga kawirikawiri sakhala nawo, kapena amalembedwa kuti ndi a kalabu. Wina akakuonetsani siginecha ya mlembi, kumbukirani kuti Jackson anamwalira mu 1965. Buku lotuluka pambuyo pa chakacho sangakhale kuti analisaina.

Si loyambirira lokha limene lili ndi phindu. Folio Society ya ku London, yomwe inayamba mu 1947, imapanga mabuku a pepala lokhuthala, a zithunzi, okhala m'kabokosi kawokawo, ndipo bukuli inalitulutsanso motero. Kabokosiko kakasowa, mtengo umatsika. Library of America inaliika m'buku limodzi ndi zolemba zina za Jackson mu 2010, mkonzi wake ali Joyce Carol Oates. Penguin nayo inalitulutsa mu 2013 pamndandanda wa mabuku oopsa omwe anasankha Guillermo del Toro. Makope a chikuto chofewa omwe anachuluka Netflix itaonetsa sewero lake mu 2018 ndi abwino kuwerenga, koma musawalipirire ngati osowa.

Mukatsimikiza, lipimeni ngati mmene mumapimira mbuzi pamsika wa Lunzu. Linunkhizeni; fungo la nkhungu silichoka, ndipo nkhunguyo imafalikira ku mabuku ena. Tembenuzani masamba onse kuona ngati palibe lothothoka. Litsegulireni pakati pang'onopang'ono: mukaona ulusi, ndiye kuti ndi losokedwa ndipo lidzakhalitsa, pomwe lomata ndi guluu yekha limathyoka msana likakalamba. Chidindo cha laibulale kapena cha sukulu chimatsitsa mtengo, komanso m'pofunika kufunsa kuti bukulo linatuluka bwanji kumeneko. Ngati muli ndi bandulo, onani pa intaneti, patsamba la AbeBooks, mitengo ya kope lofanana nalo musanayambe kunenerera.

Tsopano ntchito yeniyeni, yomwe ndi kusunga. Pano ndimalankhula ndi mtima wowawa. Chaka china ndinasiya katoni ya mabuku pansi, pakona ya chipinda kwathu, dzinja lonse. Nditabwera mu Epulo, pamwamba panali bwinobwino, koma nditanyamula, pansi panatsala dothi lokhalokha ndi chiswe chili yakaliyakali. Munali Nthondo la Samuel Ntara, buku la 1933, ngakhale langa linali kope la pambuyo pake, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe limene bambo anga anaphunzira nalo kusukulu. Mpaka lero sindinapezenso ena.

Choncho buku lisagone pansi, ndipo lisatsamire khoma, makamaka la njerwa zosawotcha. Shelefu italikirane ndi khoma mpata woti dzanja n'kulowa, kuti muziona msanga mizere ya dothi imene chiswe chimamanga pokwera. Mabuku aime chilili, osapanikizana kwambiri. Akuluakulu okha ndiwo agone chafufumimba, awiri kapena atatu basi. Potulutsa buku musalikoke ndi chala pamutu pa msana wake, m'pomwe limayambira kung'ambika. Kankhirani mkati oyandikana nalo, ndipo muligwire pakati.

Kumadera ngati ku Chileka kumatentha, ndipo mu Okutobala pansi pa malata pamakhala ngati mu uvuni. Kutenthako kumaumitsa guluu, dzuwa la pawindo nalo limafufutsa mtundu wa jekete, ndiye sankhani chipinda chozizirirapo, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Mvula ikayamba mu Novembala mdani amasintha, amakhala chinyezi. Musamange buku m'jumbo n'kutseka kukamwa, limachita thukuta mkatimo. Thiranki yachitsulo imateteza ku makoswe ndi mphemvu, koma muiike pamwamba pa njerwa, ndipo muziitsegula tsiku lopanda mvula kuti mupite mphepo. Buku likanyowa, liimikeni pamthunzi masamba ali otambasuka, osati padzuwa.

Tsamba likang'ambika, manja anu asafike pa selotepi. Pakapita zaka imasanduka yachikasu, imamatuka, n'kusiya banga lomwe silifufutika. Lisiyeni momwemo, mulikute bukulo ndi pepala loyera lopanda inki, osati nyuzipepala. Dzina lanu lembani ndi pensulo pakapepala kapadera, pamodzi ndi tsiku ndi malo amene munaligula, n'kukalowetsa mkati.

Mnzanu akafuna kubwereka, mugulireni kapena mum'patse la chikuto chofewa lija. Labwinolo aliwerengere pakhomo panu, atasamba m'manja, kapu ya tiyi ili patali.