Phunziro 14: Bill Russell ndi Timu ya Boston Celtics

Lero tiwerenga za mpira wa basiketibolo. Ena a ife tinauonapo m'tauni, ena tinangoumva pa wailesi. Choyamba tidziwe kaseweredwe kake.

Timu iliyonse imalowetsa anthu asanu m'bwalo. Mpira amaugwira ndi manja, saumenya ndi mapazi. Kumapeto konse kuwiri kwa bwalo kuli mkombero wachitsulo wokhala ndi ukonde. Mkomberowo uli m'mwamba, mamita 3 ndi masentimita 5 kuchokera pansi. Mpira ukalowa mumkombero, timu imapeza mapointi. Timu ya mapointi ambiri ndiyo imapambana.

Ubwana wake

Bill Russell anabadwa pa 12 Febuluwale 1934 ku Monroe, m'chigawo cha Louisiana, ku America. Anali munthu wakuda. Masiku amenewo malamulo a kumeneko ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'mabasi ndi m'malo odyera. Makolo ake anatopa ndi tsankho, ndipo anasamukira ku Oakland, ku California. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 12.

Poyamba Russell sankadziwa kusewera bwino. Anali wamtali, koma wosalongosoka m'bwalo. Sanataye mtima. Ankayang'anitsitsa mapazi ndi manja a anzake, n'kumayeserera tsiku ndi tsiku. Mu 1955 ndi mu 1956 timu yake ya pa yunivesite ya San Francisco inatenga chikho cha dziko lonse. Mu 1956 momwemo analandira mendulo yagolide pa masewero a Olimpiki ku Melbourne. Atabwerako analowa m'timu ya Boston Celtics, imene mphunzitsi wake anali Red Auerbach.

Ntchito yake m'bwalo

Owonera ambiri amatama woponya mpira mumkombero. Russell anasankha ntchito imene ambiri saitama, ntchito yoteteza. Anali wamtali kuposa mamita 2. Mdani akaponya mpira, iye ankalumpha n'kuutchinga. Sankaumenyera kunja kwa bwalo pofuna kudzionetsa. Ankaukankhira kwa mnzake, kuti mpira ukhale wa timu yake. Mpira ukaphonya mkombero, iye ankautola msanga n'kupatsira Bob Cousy. Anzake ankathamanga n'kukagoletsa adani asanabwerere kumbuyo.

M'zaka zomwezo kunali katswiri wina, Wilt Chamberlain. Mu 1962 iyeyu anagoletsa mapointi 100 yekha pa masewero amodzi. Russell sanayandikirepo nambala imeneyo. Koma tiyeni tiwerenge zikho. Chamberlain anatenga zikho ziwiri. Russell anasewera zaka 13 ndipo anatenga zikho 11. Kuyambira 1959 mpaka 1966 timu ya Celtics inatenga chikho zaka 8 zotsatizana. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Tsankho silinamusiye

Kutchuka sikunamuteteze. Mu 1961 timu inapita kukasewera ku Lexington, ku Kentucky. Pa hotela ina anakana kugulitsa chakudya kwa osewera akuda. Russell ndi anzake akuda anakana kulowa m'bwalo, nabwerera kwawo. Nthawi ina anthu anathyola nyumba yake pafupi ndi Boston, nawononga katundu, nalemba mawu achipongwe pa makoma. Anachita zimenezi kwa munthu amene ankabweretsa zikho mumzinda wawo. Russell sanakhale chete. Mu 1963 anali nawo pa ulendo waukulu wa ku Washington wofuna ufulu wa anthu akuda, umene Martin Luther King analankhulapo.

Mu 1966 Auerbach anasiya uphunzitsi, ndipo Russell analowa m'malo mwake. Anakhala munthu wakuda woyamba kuphunzitsa timu mu ligi ya NBA. Ankaphunzitsa, uku akusewera. Mu 1967 timu yake inaluza, ndipo ena anayamba kumukayikira. Koma mu 1968 ndi mu 1969 anatenganso chikho, kenaka anapuma. Anamwalira pa 31 Julayi 2022. Chaka chomwecho ligi inalamula kuti wosewera watsopano asadzapatsidwenso nambala 6, imene Russell ankavala.

Ifenso tikamanga nyumba, pali wodula mitengo, womweta udzu, wotunga madzi ndi wofolera. Odutsa panjira amaona wofolera yekha, chifukwa ali pamwamba. Koma ife amene tinagwira ntchitoyo tikudziwa kuti popanda wotunga madzi khoma silikanaima.

Mawu atsopano

mkombero, ukonde, kutchinga, chikho, tsankho

Tiyankhe mafunso

1. Timu iliyonse imalowetsa anthu angati m'bwalo?
2. Russell ankachita chiyani akatchinga mpira?
3. N'chifukwa chiyani osewera akuda anakana kusewera ku Lexington?

Tiwerengere

1. Russell anabadwa mu 1934, namwalira mu Julayi 2022. Anakhala ndi moyo zaka zingati?
2. Anasewera zaka 13, natenga zikho 11. Ndi zaka zingati zimene sanatenge chikho?

Tikambirane

M'mudzi mwathu muno, ndi ntchito ziti zofunika zimene sitizitama? Amazigwira ndani? Aliyense alembe ziganizo ziwiri m'kope lake, kenaka awerengere anzake.