ZILONDA ZA M'MATUMBO ZOSATHA: CIFUKWA CIANI ODWALA ENA AMAKWERA MAPIRI?

Caka ciliconse magulu a anthu ocokera ku Britain, Canada ndi America amafika ku Tanzania kudzakwera phiri la Kilimanjaro. Ambiri ndi alendo ongofuna kuona dziko. Koma pakati pao pamakhala ena amene m'cikwama mwao, pamodzi ndi majuzi ndi nsapato, mumakhalanso mapilisi ndi kalata ya dokotala. Awa amadwala matenda a zilonda za m'matumbo ochedwa inflammatory bowel disease, mwacidule IBD, ndipo amakwera phirilo kuti asonkhe ndalama zothandizira odwala anzao. Sabata ino tiyeni tiphunzire za matenda amenewa, popeza kuno kwathu aliko ngakhale kuti dzina lake silidziwika m'makomboni.

Kodi ndi matenda otani?

Cakudya cikacoka m'kamwa cimatsikira m'cifu, kenaka m'matumbo aang'ono, ndi kumalizira m'matumbo aakulu. M'thupi mwathu muli asilikali amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizilombo. Pa matenda awa asilikaliwo amasokonezeka nayamba kumenya matumbo a mwini wake. Mkati mwa matumbo mumafiira, mumatupa, ndipo mumabuka zilonda zotulutsa magazi.

Matendawa ali m'mitundu iwiri. Woyamba ndi ulcerative colitis, umene dokotala Samuel Wilks wa ku London anaufotokoza mu 1859. Uwu umagwira matumbo aakulu okha, kuyambira kumapeto kwenikweni kumene cimbudzi cimatulukira ndi kumakwera m'mwamba. Waciwiri ndi matenda a Crohn, amene anatenga dzina la dokotala Burrill Crohn wa ku New York, yemwe pamodzi ndi anzake awiri analemba za matendawa mu 1932. Awa angagwire paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kumapeto, apa ndi apo, ndipo zilonda zake zimalowa mozama. Nthawi zina zimacepetsa njira ya m'thumbo kotero kuti cakudya cimavutika kudutsa. Nthawi zina zimaboola kanjira kotulukira pakhungu pafupi ndi kumatako, kamene kamangodontha mafinya osapola.

Coyambitsa ceniceni akatswiri akali kucifufuza. Cimene aona ndi cakuti matendawa amayenda m'mabanja ena, ndiponso amaculuka kumene anthu asamukira m'matauni ndi kusintha kadyedwe. Ambiri amayamba kudwala ali anyamata kapena atsikana, kapena asanafike zaka 40. Ku Britain kokha anthu opitirira 500,000 ali ndi matendawa. Kale anthu ankati ndi matenda a azungu, koma tsopano zipatala za m'maiko a mu Africa, monga South Africa ndi Nigeria, zikuwapeza kawirikawiri kuposa kale. Dziwani cinthu cimodzi: matendawa sapatsirana. Mungadye m'mbale imodzi ndi wodwala, kugona naye, kumucapira zovala, simudzatenga.

Kusiyana kwake ndi kamwazi

Apa ndi pamene ndifuna mumvetsetse, inu amai ndi atate. Munthu akaona magazi m'cimbudzi, tonse timaganiza za kamwazi, ndipo nthawi zambiri timakhala titalondola. Amene anali akulu kale kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 akumbukira mmene kamwazi ndi kolera zinasautsira m'matauni a dziko lino. Kamwazi kamabwera mwadzidzidzi, ndi kutentha thupi, ndipo kawirikawiri mupeza kuti wina m'nyumba kapena kwa aneba akudwalanso cimodzimodzi. Wodwala akalandira mankhwala oyenera amacira pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri.

Zilonda zosathazi zili ndi khalidwe lina. Kutsegula m'mimba kumapitirira mwezi. Kumaleka, munthu n'kuyamba kusangalala kuti wacira, patapita miyezi iwiri kwabweranso. Cimbudzi cimatuluka ndi magazi ndi zoterera ngati mamina. Munthu amadzuka usiku kawiri kapena katatu kuthamangira ku cimbudzi, ndipo cikamugwira sicidikira. Akacoka kumeneko amamvabe ngati sanamalize. M'mimba mumapota, thupi limaonda, magazi amacepa, kutopa sikutha ngakhale agone bwanji. Ena amamva kupweteka m'maondo ndi m'msana, maso amafiira, m'kamwa mumatuluka tizilonda. Kwa mwana cizindikiro cingakhale cakuti sakukula ngati anzake a msinkhu wake.

Munthu wotere akafika ku cipatala sitithamangira kunena kuti ndi IBD. Timayamba ndi matenda ofala kuno. Timapima cimbudzi kufuna tizilombo ta amiba ndi mazira a likodzo la m'matumbo. Timapima magazi, ndipo timapempha wodwala kuti apimitse HIV. Timafufuzanso TB, cifukwa TB siikhala m'mapapo mokha. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi matenda a Crohn, mwakuti ngakhale madokotala aakulu nthawi zina amayamba apereka mankhwala a TB kwa miyezi iwiri kapena itatu kuti aone ngati zilonda zipola. Musaone ngati tikukucedwetsani dala. Mankhwala ambiri a IBD amagwira nchito mwa kufooketsa asilikali a m'thupi, ndipo kuwapereka kwa munthu amene ali ndi TB kapena amiba kungamuphe.

Zonsezi zikapanda kupezeka, kapena zikacizidwa koma vuto likapitirira, wodwala amatumizidwa ku cipatala cacikulu monga University Teaching Hospital ku Lusaka kuti akamuone mkati. Kupima kumeneku kumachedwa colonoscopy. Amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kumapeto, kudzera kotulukira cimbudzi, ndi kudula kanyama kakang'ono kuti kakapimidwe.

Cimene cimacedwetsa anthu ambiri ndi kuzungulira. Lero agula Flagyl pa kantemba, mwezi wa mawa Septrin, kenaka kwa ng'anga kukasanzitsidwa poganiza kuti anadyetsedwa. Ena amapita ku kiliniki ina mwezi uliwonse ndi kutsegulitsa khadi latsopano, motero aliyense womuona amayesa kuti ndi kamwazi koyamba. Sungani khadi limodzi. Uzani wokupimani kuti, "Aka ndi kacitatu caka cino, ndipo mankhwala aja ndinamaliza." Mau amenewa amatithandiza kuposa mmene muganizira.

Palinso nkhani ya miseche. Mnyamata akaonda ndi kumatsegula m'mimba, pa mpopi anthu amakhala atagamula kale mlandu wake. Ena oterewa amaopa kupimitsa, nakhala m'nyumba caka cathunthu akudwala matenda amene mapilisi akanawagonjetsa. Kupimitsa kumathandiza mbali zonse ziwiri: ngati ndi HIV mankhwala alipo aulere, ngati si HIV timadziwa kuti tifufuze kwina.

Kukhala nao matendawa

Mankhwala ocotseratu matendawa kulibe, koma owagoneka pansi alipo, monga mmene zilili ndi shuga kapena BP. Pa ulcerative colitis ambiri amathandizidwa ndi sulfasalazine kapena mesalazine, amene amamwa tsiku ndi tsiku ngakhale pamene akumva bwino. Matenda akabuka mwamphamvu dokotala amapereka prednisolone kwa masabata owerengeka ndi kumacepetsa pang'onopang'ono. Prednisolone ndi wokoma poyamba cifukwa munthu amamva bwino msanga ndi kuyamba kudya, koma si womwa miyezi ndi miyezi: amafewetsa mafupa, amakweza shuga, amatupitsa nkhope. Komanso osamuleka mwadzidzidzi. Ena amafunika azathioprine, amene amafuna kupima magazi kawirikawiri. Kulinso majekeseni amphamvu monga infliximab, amene anayamba kugwiritsidwa nchito pa matenda a Crohn mu 1998, koma mtengo wake mabanja ambiri sangaukwanitse.

Pewani Brufen ndi diclofenac, cifukwa angautse zilonda. Mutu ukawawa imwani Panadol. Wosuta fodya amene ali ndi matenda a Crohn aleke, popeza fodya amawakulitsa. Kacasu ndiye sitinena n'komwe.

Pa zakudya palibe lamulo limodzi la onse, ndipo sindigwirizana ndi acibale amene amaletsa wodwala ciliconse mpaka kutsala ndi phala lokha. Munthu woonda afunika kudya. Masiku amene m'mimba mwavuta adye pang'ono koma kawirikawiri: nsima yofewa, mpunga, mbatata, nthoci, mazira, nsomba, msuzi wa nkhuku. Acepetse tsabola, zokazinga, nyemba za makoko, cimanga cokazinga ndi nshawa, makamaka amene anauzidwa kuti thumbo lake linacepa njira. Amwe Madzi a Moyo akatsegula. Akapeza bwino abwerere ku zakudya zonse cimodzi ndi cimodzi, ndi kuona yekha cimene cimamuvuta. Kwa ena ndi mkaka, kwa ena ai.

Vuto limene mabuku a kunja salichula ndi la cimbudzi ca panja cogawana mabanja asanu. Wodwala akhale ndi ndowa yovundikira m'cipinda usiku, ndipo pasakhale womuseka. Ngati ndi mwana wa sukulu, makolo kaonaneni ndi aphunzitsi kuti azimulola kutuluka osafunsidwa mafunso pamaso pa anzake.

Thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo ngati wodwala atuluka magazi kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira pa tsiku, thupi latentha, mtima ukugunda msanga, mimba yatupa, kapena akusanza osaleka. Pa nthawi yotere musamupatse mapilisi oimitsa kutsegula m'mimba. Ndiponso amene wakhala ndi zilonda m'matumbo aakulu zaka 8 kapena kuposa apimidwenso ndi kamera, cifukwa mpata wa khansa umakwera.

Mankhwala akalephera, madokotala amacita opaleshoni ndi kucotsa mbali yoola. Ena amawatulutsira thumbo pamimba, cimbudzi n'kumagwera m'kathumba komata pakhungu. Potulukira pamenepa pamachedwa stoma. Odwala ambiri akamva zimenezi amalira, poganiza kuti moyo wathera pomwepo.

Tsopano tibwerere ku phiri

Rob Hill wa ku Canada anapezeka ndi matenda a Crohn mu 1994 ali mnyamata wokonda masewera. Anaonda koopsa, ndipo mu 1995 anamucotsa matumbo aakulu ndi kumuika kathumba. Atacira anaganiza zokwera phiri lalitali koposa m'cigawo ciliconse mwa zigawo 7 za dziko lapansi, pa kampeni imene anaicha No Guts Know Glory. Kilimanjaro linali limodzi mwa mapiriwo, ndipo anatsiriza ulendo wake pa Everest mu 2010, ali ndi kathumba kake pamimba. Okonda mpira akumbukiranso Darren Fletcher wa Manchester United, amene mu 2011 anaulula kuti ali ndi ulcerative colitis, nacitidwa opaleshoni mu 2013, n'kubwerera m'bwalo.

Ambiri okwera mapiri cotere si anthu ochuka. Wodwala, kapena mlongo wake, kapena mnzake wa ku nchito, amalengeza kuti adzakwera phiri lakuti, napempha acibale ndi anzake kuti alonjeze kangacepe. Ndalamazo zimapita ku mabungwe monga Crohn's & Colitis UK, limene linayamba mu 1979, kapena Crohn's & Colitis Foundation la ku America, la mu 1967. Mabungwewa amalipirira kafukufuku, amasindikiza timabuku ndi kuyankha mafunso a odwala pa foni.

Kilimanjaro ndi lalitali mamita 5,895, kuposa kuwirikiza kawiri mapiri athu a Mafinga. Ulendo umatenga masiku 5 mpaka 9. Pamwamba mpweya umene munthu amakoka umacepa kufika pafupifupi theka la wa kunyanja, ndipo usiku madzi amaundana. Ngakhale wamphamvu amamva mutu, mseru ndi kusafuna kudya. Wodwala matumbo ali ndi zoonjezera. Ayenera kunyamuka pamene matenda agona, dokotala wake atavomera. Ngati amamwa mankhwala ofooketsa asilikali a m'thupi, madzi osawiritsa angamugwetse. Wa kathumba amataya madzi ndi mcere wambiri kuposa anzake, kathumbako kamafufuma ndi mpweya pamene akukwera, ndipo zomatira zake sizigwira bwino pozizira, mwakuti amayamba wazifunditsa m'kati mwa zovala. Nanga cimbudzi cikamugwira pa njira ya miyala, pakati pa anthu makumi awiri? Ici ndi cimene ambiri amaopa kuposa kutalika kwa phiri.

Kunena zoona, ulendo wotere umadya ndalama zambiri pa ndege, malipiro a paki ndi onyamula katundu. Wopereka ali ndi ufulu wofunsa kuti pa ndalama yake ndi zingati zimene zifike kwa odwala, ndipo okwera oona mtima amadzilipirira okha ulendo. Komabe phindu lina silowerengeka ndi ndalama. Munthu sangapemphe thandizo la phiri popanda kufotokoza cimene akudwala. Motero nkhani ya magazi ndi cimbudzi, imene anaibisa zaka zambiri, imakambidwa ku ofesi, ku chalichi ndi m'nyuzipepala, ndipo wina womvetsera amazindikira kuti zizindikirozo ndi zake, napita kukapimitsa. Ndiye cifukwa cake pa 19 May, tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse, odwala amabvala zofiirira ndi kuonekera poyera.

Wodwala wa m'komboni asamve ngati walephera cifukwa iye sangathe ngakhale kufika ku msika. Amene amakwera Kilimanjaro ndi aja amene matenda ao anapezeka, nalandira mankhwala osadukiza. Kuno cimene cimasowa kawirikawiri ndi ndalama ya basi yopitira kukapimidwa, mapilisi a mwezi ndi mwezi, ndi timatumba ta stoma. Ngati gulu lanu la ku chalichi kapena la cilimba lifuna kucita ulendo wa pansi wosonkhetsa ndalama, yambani mwafunsa asisita a mu wodi ya opaleshoni cimene cikusowa. Timatumba tili ndi masaizi osiyanasiyana, ndipo kosayenera pa stoma ya munthu kamadontha ndi kumuyambitsa zilonda pakhungu.