Musanasirire Penti, Gwadani Muone Kunsi

Anyamata ndi atsikana inu amene mitima yanu yagwidwa ndi MG, Triumph, Austin-Healey ndi Jaguar zakale, pali mbiri yoipa imene mudzaimva paliponse pamene amakaniko akumana. Amati galimoto ya ku Britain ndi yosadalirika, imadontha oyilo ponse pamene yaima, ndipo magetsi ake amathawa mvula ikangowaza. Za oyilozo sinditsutsa. Zinazo n'zoinamizira. Magalimoto amenewa anapangidwa pa nthawi imene mwini wake ankatsegula boneti mlungu uliwonse, ndipo pa mamailosi 3,000 aliwonse MGB inkafuna kupopedwa girizi m'miyendo ya kutsogolo. Magalimoto a masiku ano anatizoloweza kuthira petulo n'kumapita basi. Mukatenga ya 1965 n'kuisunga mwa chizolowezi chimenecho, idzakugonetsani pamsewu, koma mlandu sudzakhala wake.

Tsiku lokaona galimoto yoti mugule, valani zovala zimene simuzimvera chisoni, chifukwa ntchito yake ndi yogwada ndi yogona chagada. Injini isakudetseni nkhawa kwambiri. Ya MGB ikatopa imakonzeka, ndipo masipeya ake akupangidwabe, poti fakitale ya ku Abingdon, kufupi ndi Oxford, inatulutsa magalimoto amenewa opitirira 500,000 kuyambira 1962 mpaka pamene inatsekedwa mu 1980. Chimene chimapha galimoto ndi dzimbiri. MGB ilibe chasisi chapadera. Mphamvu yake ili m'bodi, makamaka m'zitsulo zazitali zodutsa pansi pa zitseko, ndipo pa galimoto yopanda denga, zitsulo zimenezo ndizo zagwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti isapindike pakati. Ku Britain amamwaza mchere m'misewu nyengo yozizira kuti madzi oundana asungunuke. Mcherewo umalowa ndi matope m'zitsulo zija n'kumadya mwakachetechete kuchokera m'kati, kunja kukunyezimira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ogulitsa ena mkuyu umenewu amadziwa kuulima: amamata fila pamabowo, kupopera penti, mtengo n'kukwera.

Ndiye tengani maginito, muwayendetse m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala. Pamene sakugwira pali fila. Tsegulani zitseko n'kutsekanso, muone ngati mpata wake uli wofanana pamwamba ndi pansi. Chitseko chokhula pamwamba chikukuuzani kuti galimoto yayamba kugwa pakati. Tukulani makapeti, gogodani pansi. Koma dziwani galimoto imene mwaiimirira, chifukwa maginito sanena kanthu pa Lotus Elan, imene bodi yake si yachitsulo, ngakhalenso pakati pa Austin-Healey 3000 pamene pali aluminiyamu. Morgan ya ku Malvern ili ndi nkhani inanso: mafupa a bodi yake ndi amatabwa, ndiye kumeneko mukufufuza kuola. Kuyambira 1988 kampani ya British Motor Heritage imapanga mabodi atsopano a MGB ndi zikombole zakale zomwe zija, koma mtengo wa bodi imodzi ndi ntchito yosamutsira zonse mmenemo ungakugulireni galimoto ina yabwinobwino. N'kwabwino kugula yosuluka koma yolimba kunsi.

Ikafika pakhomo, musathamangire makabuleta. Achinyamata onse amayambira pamenepo, chifukwa makabuleta awiri a SU amaoneka bwino ndipo ali ndi tomanga ndi tomasula tokopa zala. Injini ikamatsokomola, kawirikawiri vuto lili kwina. Yambani ndi mpata wa mavalavu, kenako points ndi condenser, mapulagi, taimingi, ndipo pomaliza penipeni makabuleta. Pa MGB mpata wa points ndi 0.015 ya inchi, ndipo ukatsekeka pang'ono chabe galimoto imavuta kulira m'mawa. SU yokha ndi chipangizo chofatsa. Pamwamba pake pali kachivundikiro kamene mumamasula n'kuthiramo oyilo pang'ono; akauma, injini imazengereza mukaponda moto. Kuti makabuleta awiriwo azikoka mpweya mofanana, amisiri akale ankatenga kapaipi ka labala, mbali ina kukhutu, ina pakamwa pa kabuleta, n'kumvetsera mluzu wake uku ndi uku mpaka ufanane. Luso limeneli silili m'kompyuta iliyonse. Pezani wachikulire amene akulidziwa, mumupatsire masipanala miyezi ingapo, khutu lanu lizolowere.

Pa masipanalapo samalani. Ya 13 ya mamilimita imalowa pa nati ya theka la inchi, inde, koma imalowa mogwedera, ndipo mukakoka mwamphamvu ngodya za nati zimatha. MGB ndi Spitfire zimafuna masipanala a mainchi. Zakale kuposa pamenepo zimafuna a Whitworth, muyeso umene Joseph Whitworth anaukhazikitsa mu 1841. Injini za MG TC ndi TD ndiye zimasokoneza mutu: mazinga a mabawuti ake ndi a mamilimita koma mitu yake ndi ya Whitworth, chifukwa fakitale ya injini ya Morris ku Coventry poyamba inali ya kampani ya ku France ya Hotchkiss, ndipo makina ake anatsalira momwemo. Bawuti ikakana, musaikakamize. Imani, mufunse.

Magetsi a Lucas amanyozedwa kwambiri, mpaka pali nthabwala zake zosatha. Ine ndimawaikira kumbuyo. Mawaya ake ali ndi dongosolo losavuta kuloweza: wakuda ndi wa efi, woyera umalandira moto mukatembenuza kiyi, wobiriwira nawo chimodzimodzi koma wadutsa pa fyuzi, wofiira ndi wa nyali zing'onozing'ono, wabuluu ndi wa nyali zazikulu. Wabulauni muuope: uli ndi moto nthawi zonse ndipo sudutsa pa fyuzi, choncho ukakhudza bodi, utsi. Mavuto ambiri amachokera pa timitu tolumikizira mawaya tochita dzimbiri, ndi pa efi yosagwira bwino. Palani, mangani, zatha. Zopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi zisiyeni. Komanso magalimoto ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1967 analumikiza positive ya batire ku bodi, mosiyana ndi a lero. Mukapereka moto kuchokera ku galimoto ina musanaone zimenezi, muwononga zambiri m'kamphindi.

Eni Triumph Spitfire, GT6 ndi Herald, mverani izi kawiri. Pansi pa mwendo uliwonse wa kutsogolo pali kachipangizo kamkuwa kotchedwa trunnion, pamene tayala limazungulira mukakhota. Mmenemo mumafunika oyilo wa giya wolimba, wa 90, osati girizi. Girizi amauma, mazinga amadyeka, ndipo tsiku lina mwendo umathyoka tayala n'kupindikira pansi pa galimoto.

Petulo naye anasintha pamene magalimotowa anakhala chimodzimodzi. Injini zake zinapangidwira petulo wa mtovu, umene unkateteza pokhalira mavalavu. Britain inasiya kugulitsa petulo ameneyo pofika 2000, ndiye pamene mutsitsa mutu wa injini, ikitsani pokhalira polimba. Kenako panabwera ethanol. Azungu anayamba kudandaula naye mu September 2021 pamene E10 anakhala petulo wamba kwawoko, koma ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Ethanol amafewetsa ndi kung'amba mapaipi akale a labala, ndiponso amakoka chinyezi chimene chimadya thanki galimoto ikakhalitsa osayenda. Pa MGB makabuleta ali pamwamba penipeni pa ekizozi yotentha. Sinthani mapaipi onse a mafuta tsiku loyamba, ndipo chozimitsira moto chizikhala pamene dzanja lingafike muli pampando.

Tsono za mipikisano. Ena amaganiza kuti kukonda mbiri imeneyi ndi kupaka penti wobiriwira ndi kumata nambala pachitseko. Werengani zimene zinachitikira Jaguar ku Le Mans, mpikisano wa maola 24 wa ku France, muone ngati phunziro lake lili pa penti. Anapambana mu 1951 ndi C-type. Mu 1952, poopa liwiro la Mercedes-Benz, anasintha mphuno za magalimoto awo mwaphuma, pamodzi ndi njira yoziziritsira injini, osayesa mokwanira. Onse atatu anatuluka mumpikisano usiku usanafike pakati, awiri chifukwa chotentha injini. Mu 1953 anabwerera ndi injini ya malita 3.4, yaing'ono poiyerekeza ndi Ferrari ya malita 4.5 imene inalipo, koma ali ndi mabuleki a disiki amene anawapanga pamodzi ndi Dunlop. Kumapeto kwa msewu wautali wa Mulsanne anzawo ankayamba kuponda mabuleki kutali, iwo akudutsa. Tony Rolt ndi Duncan Hamilton anapambana, ndipo kanali koyamba kuti wopambana kumeneko asunge liwiro lopitirira mamailosi 100 pa ola usana ndi usiku wonse. Disiki imene muigwira lero kutsogolo kwa MGB kapena TR6 ndi mdzukulu wa imeneyo. Muziipatsa ulemu: mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, ndiye asinthidwe zaka ziwiri zilizonse ngakhale galimoto sinayende.

Nkhani imene ndimaikonda koposa ndi ya Ecurie Ecosse, kagulu kakang'ono ka David Murray kamene kankagwirira ntchito m'magalaja a m'kanjira kena ku Edinburgh. Mu 1956 magalimoto a fakitale ya Jaguar atapeza mavuto, D-type ya kaguluka ndiyo inapambana Le Mans, ndipo mu 1957 anatenga malo oyamba ndi achiwiri. Mayina a oyendetsa ali m'mabuku onse. Inu muloweze dzina la Wilkie Wilkinson, makaniko wamkulu amene ankakonza magalimoto amenewo. Ndipo atsikana inu, amene akuuzani kuti izi n'za amuna, auzeni za Pat Moss ndi Ann Wisdom, amene mu 1960 anapambana mpikisano wa Liège-Rome-Liège, wa masiku anayi usana ndi usiku m'misewu yoipa ya m'mapiri, ali mu Austin-Healey 3000, galimoto yolemera chiwongolero ndi yotentha kumapazi.

Mbiri yomweyo ili ndi maliro ambiri, ndipo wokonda weniweni sawabisa. Ku Le Mans mu 1955 anthu opitirira 80 anafa galimoto itaulukira pa oonerera. Stirling Moss anavulala koopsa ku Goodwood mu 1962 n'kusiya mipikisano ikuluikulu. Jim Clark, katswiri wa dziko lonse kawiri ndi Lotus, anafera ku Hockenheim mu 1968. Awa anali akatswiri, pa mabwalo opangidwira liwiro. Ngakhale bwalo la Brooklands linamangidwa mu 1907 chifukwa lamulo la ku Britain silinkalola kupitirira mamailosi 20 pa ola m'misewu ya anthu onse. Galimoto yanu ilibe airbag, ilibe ABS, ndipo ina ilibe ndi malamba omwe. Ikani malamba. Onani zaka za matayala pa manambala anayi a m'mbali mwake, awiri oyamba mlungu, awiri otsiriza chaka, chifukwa tayala la zaka 15 limaoneka latsopano koma pamsewu wonyowa siligwira. Amene muli ku Britain ndipo magazi akuwira, pitani ku Shelsley Walsh kumene akhala akuthamangitsa magalimoto pachitunda kuyambira 1905, kapena ku Goodwood Revival mu September, kumene E-type ndi Healey zimapikisana mosanyengererana.

Sipeya yakale mukaichotsa musaitaye. Yambiri imakonzeka, ndipo kawirikawiri imaposa yatsopano yotchipa. Nambala ya chasisi itumizeni ku British Motor Museum ku Gaydon, kumene kuli mabuku a mafakitale akale, akupatseni satifiketi yonena tsiku limene galimoto yanu inapangidwa, mtundu wake woyamba ndi kumene inatumizidwa.

Ngati galimoto yanu ili ndi malimu a masipoko, omangidwa ndi nati imodzi yaikulu yamakutu pakati, chimenecho n'cholowa cha m'mipikisano, kumene tayala linkafunika kuchoka ndi kubwerera m'masekondi ochepa. Mazinga ake ndi osiyana: kumanzere kwa galimoto amamanga mwa masiku onse, kumanja amamanga mobwerera, kuti kuyenda kwa galimoto kuzilimbitsa nati m'malo moimasula. Wina akasinthanitsa mahabu a mbali ziwirizi pokonza, tayala lidzachoka muli paulendo. Werengani zolembedwa pa natiyo musanamenye, gwiritsani hamala yamkuwa kapena yachikopa, pakani girizi pang'ono pa mano a habu, ndipo mukamva kugogoda kumbuyo ponyamuka kapena poima, manowo adyeka. Sinthani habu ndi limu pamodzi.