Webusayiti Ikakanizidwa Kulowa mu Databesi: Malangizo

Amene anasamalapo webusayiti ya WordPress amaudziwa mzere uja woima wokha pa tsamba loyera mbee: "Error establishing a database connection". Mtima umagunda, koma kawirikawiri deta imakhala ili bwinobwino. Webusayiti yachita odi, databesi sinaitsegulire. Malangizowa ndi a PHP ndi MySQL, poti ambiri tinayambira pamenepo.

1. Werengani nambala ya vutolo musanakhudze kanthu. Ineyo ndinasinthapo pasiwedi katatu usiku umodzi, pomwe seva ya databesi inali yozima. Nambala 1045 ikutanthauza kuti MySQL yakumvani koma yakana dzina kapena pasiwedi. 1044, yakudziwani koma mulibe chilolezo pa databesi imeneyo. 1049, databesi ya dzina limenelo kulibe. Mukaona 2002 kapena 2003, ndiye kuti simunafike n'komwe: onani ngati MySQL ikuyenda ndiponso ngati poti 3306 siyotsekedwa.

2. Ikakhala 1045, werengani uthengawo mpaka kumapeto. Ukathera ndi "using password: NO", pulogalamu yanu sinatumize pasiwedi iliyonse, choncho vuto lili mu fayilo ya .env kapena wp-config.php. Onaninso zomwe zalembedwa kumanja kwa chizindikiro cha @. MySQL imazindikira wolowa ndi dzina komanso komwe akuchokera, moti 'sukulu'@'localhost' ndi 'sukulu'@'10.0.0.5' ndi anthu awiri osiyana. Ichi n'chomwe chimagwetsa ambiri tsiku losamutsira webusayiti ku seva yatsopano.

3. Yesani kulowa pamanja, muli pa seva yomweyo: mysql -u dzina -p -h adiresi. Mukalowa, pasiwedi ndi yolondola, ikungowonongeka panjira. Chizindikiro cha # mu .env chimatha kuidula pakati ngati simunaitsekere mu mitengero. Pa Laravel, lembaninso php artisan config:clear kuti iiwale zakale.

4. Mlendo asaone uthenga wa vutolo. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndimamva chisoni ndikapeza tsamba la bungwe likuonetsa dziko lonse dzina lolowera, dzina la seva ndi malo a mafayilo ake. Wakuba wapatsidwa kale theka la ntchito. Choopsa kwambiri n'chakuti pa PHP yakale, isanafike 8.2, PDO, chida cha PHP cholumikizira ku databesi, ikalephera popanda choigwira inkatha kulemba ngakhale pasiwedi yeniyeniyo mu mndandanda wa zolakwika. Choncho zimitsani display_errors pa seva yomwe anthu akugwiritsa ntchito, ikani kulumikizako mkati mwa try ndi catch, ndipo zonse zokhudza vutolo zipite ku logi, kumene mumaona inu nokha. Mlendoyo mumuuze mwaulemu kuti: "Pepani, tsambali lavuta pang'ono, yesaninso posachedwa." Bwezani nambala 503, osati 200, kuti Google idziwe kuti ndi zakanthawi. Ndipo musamulembere kuti walakwitsa pasiwedi yake: ayamba kuisintha, nkutha bandulo pa mlandu womwe si wake.

5. Si vuto lililonse loyenera kubwereza. 1040 imabwera olumikiza akachuluka kuposa malire, omwe MySQL imaika pa 151 ngati simunasinthe. Apo pulogalamu idikire kamphindi nkuyesanso kawiri kapena katatu. Koma 1045 siichoka ndi kugogoda. Pulogalamu ileke, ikutumizireni uthenga.

6. Vutoli likayamba mutangokweza MySQL kufika pa 8.0, kayikirani njira yotsimikizira wolowa. Mtundu umenewu unayamba kugwiritsa ntchito caching_sha2_password, yomwe PHP yakale siidziwa. Kwezani PHP ifike pa 7.4 kapena kuposa.

7. Chonde, musathawire kwa root. Inde itsegula, koma mwapereka makiyi a nyumba yonse kwa tsamba lomwe aliyense angalifikire. Pangani dzina la webusayitiyo payokha, lokhala ndi chilolezo pa databesi imodzi basi. Ngati pasiwedi inaonekapo pa tsamba, kaya inalowa mu Git, isintheni lero lomwe.